Dzanja la Mphunzitsi wa Apolisi

Mukaona wapolisi akugwira munthu pamsika, dziŵani kuti kagwiridwe kameneko anakatenga kwa wina: mphunzitsi amene anamuumba ku sukulu ya apolisi ya ku Kanjedza, ku Limbe, kapena ya ku Mtakataka m'boma la Dedza. Malamulo a m'buku wophunzira amangoloŵeza, ndipo ena amaiŵalika mayeso akangotha. Koma kayankhulidwe ka sajeni pa perete, ndiponso momwe amachitira ndi wolakwa, zimenezo zimakhazikika mumtima. Mnyamata amene anaphunzira ndi zitukwano kaŵirikaŵiri amakakalipira ngakhale mayi wodzadandaula za mbuzi yake yobedwa.

Taganizani za chaka cha 1994. Malamulo atsopano oyendetsera dziko la Malaŵi anati womangidwa aziuzidwa chifukwa chake, ndipo azifikitsidwa kukhoti pasanathe maola 48. Tsono apolisi a nthaŵiyo anali ataphunzira m'masiku a chipani chimodzi, pamene munthu ankatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo chizoloŵezi chotere sichitha ndi kusaina pepala ayi. Komatu akuluakulu omwewo ndiwo anayenera kuphunzitsa achinyamata oloŵa kumene lamulo la maola 48 lija, limene iwo eni sanakule nalo.