Ndalama za Boma Zothandiza Magulu a Zaluso: Mmene Zimayendera ku America

Gulu la masewero, kwaya ya m'tauni yaing'ono kapena malo ophunzitsira ana kujambula sizingayende ndi ndalama zolipira pakhomo zokha. Akakweza mtengo wa tikiti, osauka amatsala panja. Akautsitsa, lendi ndi malipiro a aphunzitsi zimawakanika. Nanga ndani ayenera kulipira cotsalaco? Ku United States, mbali ina ya yankho ili m'manja mwa bungwe la boma lochedwa National Endowment for the Arts, mwacidule NEA.

Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo limene Pulezidenti Lyndon B. Johnson anasaina pa 29 September 1965. Ndalama zake zimacokera ku misonkho, ndipo Nyumba ya Malamulo ndiyo imagamula kuculuka kwake caka ndi caka. Mu 2024 linalandira madola 207 miliyoni. Ndalamazi zikumveka zambiri, koma mukazigawa kwa anthu onse a m'dzikolo, aliyense sakwanitsa ngakhale dola imodzi pa caka.

Pa ndalama zothandizira magulu, 40 peresenti imapita ku mabungwe a zaluso a m'zigawo 50 za dzikolo ndi ena ogwirizanitsa zigawo zoyandikana. Iwo ndiwo amazigawiranso magulu a kwao. Zotsalazo NEA imapereka yokha kwa magulu amene apempha. Kagawidwe kameneka n'kofunika cifukwa anthu olemera ndi makampani opereka mphatso amapezeka kwambiri m'mizinda ikuluikulu monga New York ndi Los Angeles. Gulu la kumudzi lilibe oyandikana nawo otere, ndipo kawirikawiri thandizo la boma ndilo limafika kumene ena safika.

Kuti gulu lilandire, liyenera kukhala lolembetsedwa monga losapanga phindu, kutanthauza kuti ndalama zotsala sizigawidwa kwa eni ake koma zimabwerera ku nchito. Liyeneranso kuonetsa kuti lagwira nchito za luso kwa zaka zingapo. Limalemba pempho lofotokoza cimene lifuna kucita, anthu amene adzapindula, ndi bajeti yake. Pempholo limayamba kuwerengedwa ndi kagulu ka akatswiri a luso limenelo ocokera kunja kwa boma, pamodzi ndi munthu wamba mmodzi wodziwa za luso. Kenako limapita ku khonsolo yochedwa National Council on the Arts, ndipo wapampando wa NEA ndiye amagamula komaliza.

Lamulo lalikulu koposa ndi ili: boma silimalipira nchito yonse. Pa dola iliyonse ya NEA, gulu liyenera kupezanso dola ina kwina, kaya kwa anthu a m'dera, makampani, khonsolo ya mzinda kapena malonda a matikiti. Gulu lopatsidwa madola 10,000 liyenera kuonetsa nchito ya madola 20,000 kapena kuposa. Zinthu zoperekedwa mwaulere, monga holo kapena nthawi ya anthu odzipereka, zikhoza kuwerengedwa ngati zalembedwa bwino. Cotero thandizo la boma limakhala ngati umboni wakuti gululo launikidwa ndipo ndi lodalirika, ndipo ena amalimba mtima kuponyapo zao. Paja mutu umodzi susenza denga. Nchito ikatha, gulu limapereka lipoti la mmene ndalama zinayendera.

Koma ndalama za misonkho ndi za anthu onse, ndipo anthu saona luso mofanana. Mu 1989 kunabuka mkangano waukulu pa zithunzi za Robert Mapplethorpe, zimene ambiri anati n'zolaula, ndi cithunzi ca Andres Serrano coonetsa Yesu pamtanda womizidwa mu mkodzo. Mabungwe amene anakonza zionetsero za zithunzizi anali atalandirako thandizo la NEA. Akhristu ambiri ndi aphungu ena anafunsa kuti n'cifukwa ciani msonkho wao ulipirire zinthu zonyoza cikhulupiriro cao. Ena anayankha kuti boma likayamba kusankha zimene waluso anganene, ufulu wolankhula uli pangozi. Mu 1990 aphungu anaonjezera lamulo lakuti NEA iziganiziranso za ulemu ndi makhalidwe abwino, ndipo Khoti Lalikulu linavomereza lamuloli mu 1998. Mu 1996 ndalama za bungweli zinadulidwa kucoka pa madola pafupifupi 162 miliyoni kufika pa 99 miliyoni, ndipo thandizo lambiri lopita kwa waluso payekha linathetsedwa. Mkanganowo unayambira pa zithunzi zocepa, koma kudulidwako kunakhudzanso makwaya ndi magulu a ana amene sanali m'nkhaniyo.

Zoterezi zinaonekanso mu 2025. Kuciyambi kwa caka, NEA inathetsa pulogalamu ya Challenge America, imene inali kupereka madola 10,000 kwa magulu ang'onoang'ono otumikira madera osowa. M'mwezi wa May, magulu mazana ambiri analandira uthenga wakuti thandizo limene analonjezedwa lacotsedwa, pamene boma la Pulezidenti Donald Trump linapempha aphungu kuti bungweli litsekedwe. Ena anali atalemba kale anthu nchito ndi kulipira maholo.

Inu amene mumatumikira m'makomiti a magulu otere, nkhaniyi ikuonetsa ubwino ndi malire a ndalama za boma. Zimatsegulira mwana wosauka khomo la kalasi ya nyimbo, ndipo zimakoka opereka ena. Koma zimadalira cisankho ca andale, cimene cimasintha. Gulu limene limasunga bwino mabuku a ndalama, ndipo anthu a m'dera lake amaliona kuti ndi lao ndi kuliponyera kangacepe, likhoza kupitiriza nchito ngakhale caka cimene boma labweza dzanja.