Cizungu ca paholide ku Lundazi

Masukulu akatseka mu Ogasiti, ana a muno mu Lusaka amene makolo awo ali ndi kathumba amathamangira ku ma tuition. Kwathu ku Lundazi ndi nthawi yosenda nshawa ndi kuyembekezera ndalama za thonje. Koma masiku ano kulinso cina: mipingo ndi mabungwe othandiza amasonkhanitsa ana osauka pasukulu kapena pachalichi kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kuwaphunzitsa Cizungu ulele. Amacita masewero, amaimba, amawerenga mokweza, masana nsima ilipo. Amati kampu.

Anzanga ena mu minibasi amaseka nkhaniyi, ati Cizungu ca masabata awiri cili ngati mvula ya mu Okutobala, yongonyowetsa fumbi. Ine sindiseka, cifukwa ndikudziwa makwerero amene mwana wa ku Lundazi amakwera.

Ana ambiri kumeneko, pamodzi ndi a ku Chasefu kumene kunali mbali ya Lundazi mpaka 2018, amabadwira m'Citumbuka. Koma pa zinenero 7 zimene boma linasankha kuti zizigwira nchito m'masukulu, Citumbuka palibe. Ca ku Eastern Province ndi Cinyanja. Kuyambira mu 2014 ana a Grade 1 mpaka 4 anali kuphunzira m'cinenero ca m'dera, kenaka pa Grade 5 zonse n'kutembenukira ku Cizungu. Manje taganizani: kunyumba amayi akuti "zani kuno," m'kalasi buku likuti "bwerani kuno," ndipo mayeso a Grade 7 akubwera m'Cizungu. Mwana wa zaka 12 wasenza zinenero zitatu, cimene cidzamuweruze n'cija sacimva kwina kulikonse kupatula pa bolodi. Silabasi yatsopano imene inayamba mu 2025 yabweretsa Cizungu koyambirira, koma kumudzi palibe womuyankha naco akaweluka.

Ndiye apa kampu ili ndi nchito. Sikuti imaphunzitsa galamala yambiri ai. Imacotsa mantha. Mwana wa mlongo wanga anapitako caka catha. M'kalasi mwao ngodzaza, ndipo iye anali kukhala kumbuyo, kukamwa tseke, kuopa kusekedwa. Ku kampu anali m'kagulu kocepa, ndipo aliyense anali ndi mpata wolankhula, olo aphonye. Atabwerako ananditumira foni n'kundifunsa m'Cizungu mtengo wa basi yopita ku Chipata. Cizungu cake cinali copindika, koma anamaliza ciganizo osathawira ku Citumbuka. Ndinakhala phee pa Kulima Tower, kondakita n'kumandikuwira kuti ba mudala kwelani.

Koma tisanamizane. Kampu ikatha, alendo amalongedza mabuku awo, ndipo mwana amabwerera kunyumba yopanda nyuzipepala ngakhale imodzi. Boma linacotsa malipiro a sukulu mu Januwale 2022 ndipo caka comweco linalemba aphunzitsi opitirira 30,000. Zabwino ndithu, ana anabwerera kusukulu mwaunyinji. Koma unyinjiwo ndi umene ukucititsa kuti mphunzitsi asakwanitse kumva mwana aliyense akuwerenga. Pulogalamu ya Catch Up, imene unduna wa zamaphunziro unayamba kuyesa mu 2016 ku Eastern ndi ku Southern, inagwira mfundo yomweyi: ana amaikidwa m'magulu molingana ndi zimene akutha, osati giredi yao, ndipo amayamba ndi kuwerenga cinenero ca m'dera. Ine ndimaona kuti a makampu akanatengerapo. Mwana wosatha kuwerenga Cinyanja, ukamuloweza mau a Cizungu, amangokhala ngati wailesi.

Cina cimene cimandiwawa ndi ife a m'tauni. Timatenga atsikana ku Lundazi ati tikawaphunzitse, kufika kuno ndi nchito ya m'nyumba ku Chelstone kapena ku Kabwata, ana athu ali ku tuition. Cizungu cimene mtsikanayo amaphunzira ndi "yes madam" basi.

Kondakita wa basi ya ku Lundazi salipilitsa zambiri pa katoni imodzi. Ya ine inapita mwezi watha, muli mabuku akale a ana anga a Grade 4 ndi 5 ndi dikishonale yong'ambika cikuto. Mlongo wanga akuti ana a pamudzi akumabwera kudzabwereka madzulo, ndipo iye wayamba kulemba maina ao kuseri kwa kalendala kuti mabuku asasowe.