Zaka 18: malire a mowa amene kachasu amawazemba m'Chigwa cha Shire

Lamulo la Liquor Act limaletsa kugulitsa mowa kwa munthu amene sadakwanitse zaka 18. Mlandu umagwera wogulitsa, choncho ndi udindo wa mwini bala kufunsa zaka za wogula. Kufunsako n'kosavuta: kuyambira mu 2017, bungwe la National Registration Bureau limapereka chiphaso cha unzika, chosonyeza tsiku lobadwa, kwa aliyense amene wakwanitsa zaka 16.

Malire a zaka amasiyana dziko ndi dziko, ngakhale panyanja. Sitima zoyenda ndi alendo za Royal Caribbean zikanyamukira ku America zimagulitsa mowa kwa a zaka 21, koma zikanyamukira ku Ulaya zimalola a zaka 18. M'sitimamo lamulo limagwira chifukwa wogulitsa ndi mmodzi ndipo zaka za mlendo aliyense zidalembedwa.

Ku Chikwawa ndi Nsanje zinthu sizili choncho. Kachasu amatchezedwa pakhomo kuchokera ku shuga, gaga kapena masau, ndipo ambiri amamugulitsa popanda laisensi. Pamalo otere palibe wofunsa chiphaso. Mwana wotumidwa ndi botolo amagula ngati wamkulu.

Boma lidaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015 pofuna kuteteza achinyamata, koma kachasu wotchipa adatsala. Makhonsolo amafika kumabala amene adawapatsa laisensi. Kumudzi, lamuloli limadalira mafumu, apolisi a m'mudzi ndi makolo amene amatuma ana kukagula mowa.