Fizikisi: phunziro loopedwa lomwe lili ndi mayankho a kudimba

Mlimi akakumba chitsime chakuya, n'kuikapo thiredo pampu koma madzi osatuluka, kawirikawiri amadzudzula pampuyo kapena amene anamugulitsa. Komabe wophunzira fizikisi wa chaka choyamba pakoleji akhoza kumuuza pamene pagona vuto. Chimene chimakankha madzi kuti akwere m'paipi ndi kulemera kwa mpweya wa mlengalenga, ndipo mphamvu imeneyi singawakweze kupitirira mamita 10. Pampu yokoka madzi imagonja madziwo akatsika kupyola mamita 7 kapena 8. Apa pamafunika pampu yomizidwa m'chitsime momwemo, yomwe imawakankha kuchokera pansi.

Fizikisi ndi phunziro la mphamvu, kutentha, kuwala, magetsi ndi kayendedwe ka zinthu. M'Malawi limaphunzitsidwa, mwa malo ena, ku Zomba, pasukulu ya ukachenjede yomwe kale inkatchedwa Chancellor College. Kolejiyi inasamukira ku Zomba kuchoka ku Blantyre mu 1973, ndipo kuyambira mu 2021 imadziwika kuti University of Malawi. Nayo Mzuzu University, yomwe inalandira ophunzira ake oyamba mu 1999, imaphunzitsa fizikisi.

Digiri yoyamba imatenga zaka zinayi. Poyamba wophunzira amalimbana ndi masamu pamodzi ndi malamulo a kayendedwe ka zinthu, kenaka amalowa m'nkhani za magetsi, mafunde ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso tomwe timapanga chinthu chilichonse. Masana ambiri amathera mu labotale, kuyeza chinthu chimodzi mobwerezabwereza mpaka atadziwa kukula kwa cholakwa cha muyeso wake. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koleji yaing'ono ili ndi zotsamwitsa zake. Zipangizo zimachepa, mabuku n'ngobwerekana, ndipo mphunzitsi mmodzi amasenza maphunziro angapo. Koma ubwino ulipo: m'zaka zomaliza ophunzira amakhala ochepa m'kalasi, kotero mphunzitsi amadziwa aliyense ndi dzina, ndipo wotsalira sabisika. Chipangizo chikaonongeka ophunzira amachikonza okha, luso lomwe limadzawathandiza kumudzi kumene sitolo ya zida ili kutali.

Phindu la maphunzirowa kwa mlimi ndi looneka. Dzuwa la masana kopanda mitambo limatsitsa mphamvu pafupifupi mawati 1,000 pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, koma sola imasandutsa magetsi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Wodziwa zimenezi amatha kuwerengera kukula kwa sola yofunika pa ulimi wamthirira gulu lisanataye ndalama. Amadziwanso kuti mphepo ikaonjeza liwiro kawiri, mphamvu yake imakula kasanu n'katatu, n'chifukwa chake makina oyendera mphepo amaikidwa pamwamba.

William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu ndi umboni wa zimenezi. Atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002, anabwereka mabuku a Explaining Physics ndi Using Energy mu laibulale yaing'ono ya kwawo. Ali ndi zaka 14 anapanga makina a magetsi oyendera mphepo pogwiritsa ntchito njinga yakale, mapaipi ndi mitengo ya bulugamu. Mu 2014 anamaliza digiri ya maphunziro a zachilengedwe ku Dartmouth College m'dziko la America.

Ana ambiri amathawa sayansi akadali kusekondale poopa masamu, ndipo atsikana amauzidwa kuti limeneli ndi phunziro la anyamata. Apa alangizi, makomiti a sukulu ndi makolo ali ndi gawo lalikulu: kulimbikitsa ana kuti asataye masamu asanafike pa mayeso a MSCE, kusunga mabuku a sayansi pomwe aliyense angawafikire, ndiponso kuitana ophunzira a kukoleji pa tchuthi kuti adzaone mapampu ndi masola a m'mudzi. Mudzi umene uli ndi mwana wodziwa kuyeza sugula pampu mongoganizira.