Mau Obwerera: Kakometsedwe ka Gitala wa Magetsi

Munthu ali yense amene anagwirapo nchito pa mapulazi a ku Mashonaland adziwa cimene cicitika akafuula m'balani la fodya lopanda kanthu. Mau ace samatha pomwepo ai. Amagunda zipupa za njerwa, nabwerera kawiri-kawiri kufikira atazilala. Koma munthu yemweyo akafuula pakati pa munda, mau ace amangotayika. Kubwerera kwa mau kumeneku ndiko kumene oimba amakucha reverb, ndipo woimba gitala wa magetsi ayenera kukumvetsa bwino.

Mau amayenda pafupi-fupi mamita 340 pa sekondi imodzi. Cipupa cikakhala patali, monga mamita 17 kapena kupitirira, khutu limamva mau awiri osiyana, monga zicitika pofuula m'tsinde mwa phiri. Koma m'nyumba zipupa ziri pafupi, ndipo mau obwerera amafika ambiri-mbiri motsatizana, kotero kuti khutu silingathe kuwalekanitsa. Limangomva ngati liu lakula ndipo lamera mcira.

Kale opanga marekodi anali kumanga zipinda zapadera zocitira zimenezi. Pambuyo pace kampani ya Hammond ku America inaika masipuling'i m'ziwaya zace zoimbira. Mphamvu ya magetsi yocokera ku coimbira imagwedeza nsonga imodzi ya sipuling'i. Kugwedezekako kumayenda kufikira nsonga inayo, nikubwerera, nikupitanso, monga mau pakati pa zipupa ziwiri. M'caka ca 1961 kampani ya Fender inayamba kugulitsa bokosi lotere kwa oimba magitala, ndipo mu 1963 inaturutsa amplifaya yochedwa Twin Reverb, yokhala ndi masipuling'i m'kati mwace. Ku Germany kampani ya EMT inagwiritsa nchito citsulo cacikuru copyapyala mu 1957, ndipo mu 1976 inapanga makina amene amawerengera mau obwerera monga kompyuta. Lero nchito yonseyi imatheka m'kabokosi kakang'ono koponda ndi phazi.

Nkhani imeneyi iri ndi malo ace pakati pa anthu olankhula Cinyanja, pakuti ena mwa akatswiri a nyimbo za sungura ndi ana a anthu amene anacoka ku Nyasaland kukafuna nchito pa mapulazi ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia. Nicholas Zakaria, wobadwa mu 1956, anakulira ku Mazowe, ndipo anatsogolera gulu la Khiama Boys kuyambira 1984. Alick Macheso, wobadwa ku Shamva mu 1968, anaimba gitala wa besi m'gulu lomwelo asanayambe lace la Orchestra Mberikwazvo, limene linachuka kwambiri ndi cimbale ca Simbaradzo mu 2000. Onse awiri anaimbako nyimbo zina m'Cinyanja, ndipo anthu a m'makomboni anazilandira ngati zao-zao.

Tsono sungura ndi nyimbo yothamanga. Gitala wotsogolera, gitala wotsatira ndi besi amalukana ngati nsungwi za dengu, ndipo kukoma kwace kuli pakuti liu liri lonse limveke palokha. Apa ndipo pamene oyamba kumene amalakwa. Mnyamata akamva kukoma kwa reverb ali yekha m'nyumba, amapotokola kabatani kufikira kumapeto. Pa bwalo la dansi, mcira wa liu loyamba umakwirira laciwiri ndi lacitatu, nyimbo nisanduka phala. Ovina akalephera kumva poponda amakhala pansi, ndipo mwini holo saliitananso gulu lotere. Kwa anyamata amene anabwereka zoimbira ndi kulipira galimoto, kumeneko ndi kugona ndi njala.

Malangizo ace ndi awa. Coyamba, reverb iri ngati mcere m'ndiwo: woimba ayambe kabatani kali pansi, akweze pang'ono-pang'ono kufikira ataimva, kenaka abweze pang'ono. Caciwiri, nyimbo yothamanga ifuna mcira waufupi, wozilala liu lotsatira lisanafike. Mcira wautali uyenera nyimbo zodekha, za maliro kapena za kupempha. Cacitatu, magitala asapatsidwe mofanana. Wotsogolera alandire wokwanira, wotsatira wocepa, koma besi asapatsidwe konse, cifukwa mau akuru akabwerera amacita cimkokomo cosokoneza ng'oma.

Cacinai, woimba ayang'ane malo. Holo ya njerwa, ya simenti pansi ndi malata pamwamba, imabweza mau yokha, ndipo kuonjezera reverb kuli ngati kuthira madzi mumtsuko wodzaza. Pa bwalo la mpira palibe cipupa, ndipo pamenepo amplifaya ndiyo iyenera kupereka cimene malo sapereka. Ndiponso matupi ndi zobvala za anthu zimamwa mau. Cifukwa cace holo imene inali kulira masana poyesa zoimbira imauma usiku anthu akadzaza, ndipo kabatani kayenera kukwezedwa pang'ono. Nkwabwino kuti mmodzi wa gulu akaime kumbuyo kwa holo namvetsere, popeza woimba ali pafupi ndi amplifaya samva cimene ovina akumva.

Potsiriza, amplifaya ya masipuling'i isaikidwe pa thabwa logwedezeka, pakuti kugunda kwa mapazi kumailiritsa ngati bingu. Ndipo woimba akumbukire kuti reverb sikonza cala cophonya. Nsambo yolakwika ikapatsidwa mcira, imangokhalitsa m'makutu a anthu. Wofuna kuimba bwino ayambe waphunzira nyimbo yace popanda cokometsera ciri conse, ndipo zala zikakhazikika, ndiye athire mcere.