Nsapato za Januwale ndi Matuza a Pachidendene

Sukulu za mu Zambia zimayamba chaka mu Januwale, mvula ili pachimake. Sabata yoyamba imeneyo, ana a mu komboni ya Lilanda amatuluka m'mawa atatchena, nsapato zakuda zikung'anima. Pobwerera masana ena akutsimphina, ena aponda kumbuyo kwa nsapato kuti chidendene chipume, ena azinyamula m'manja. Chichotsereni boma fizi mu 2022, ana oyenda ulendo umenewu achuluka. Akadandaula kunyumba, yankho ndi lodziwika: "Limba mtima mwanawe, zizolowera." Zoona nsapato yachikopa imafewa, koma palibe chifukwa choti mwana ayambe watuluka matuza kuti ifewe.

Ambiri timaganiza kuti thuza limabwera chifukwa nsapato yapala khungu pamwamba. Vuto limayambira mkati. Munthu akaponda, fupa la chidendene limasuntha pang'ono, pamene khungu lakunja lagwidwa ndi sokosi ndi nsapato. Khungu limakokedwa uku ndi uku, kambirimbiri pa ulendo umodzi, mpaka mkati mwake mumang'ambika. Mpata wong'ambikawo umadzaza timadzi tochokera m'magazi, ndipo pakapita maola ochepa thuza laima. Dokotala wa khungu wa ku Britain, P. F. D. Naylor, anafufuza zimenezi mu 1955 pokhula khungu la anthu mobwerezabwereza ndi kachipangizo. Chodziwika kuchokera ku kafukufuku wotere n'chakuti khungu lonyowa pang'ono limagwira kwambiri kuposa louma. Apa ndiye pali tsoka la Januwale. Mwana wochoka ku Lilanda kapena ku komboni ya George wadumpha zithaphwi, madzi alowa, sokosi yanyowa, ndipo akhala nayo m'kalasi mpaka kuweruka. Khungu lafewa, layera, kenako auyamba ulendo wobwerera.

Nsapato yothina aliyense amaiopa. Imene imatipusitsa ndi yaikulu. Mayi amene wasonkhanitsa ndalama pogulitsa tomato ndi repu akafika ku Bata kapena pa salaula ku Soweto Market amasankha saizi yoti mwana akule nayo, ivalidwe zaka ziwiri. Maganizo amenewa ndi omveka, ndipo sindingawanyoze, pakuti ndalama ya nsapato siibwera kawiri pachaka. Koma m'nsapato yokhwepa chidendene chimakwera ndi kutsika pa sitepe iliyonse, zala zimaterereka kukagunda kutsogolo, ndipo kukokana kuja kumachuluka. Ngati mwagula yaikulu, musailekere pomwepo. Pitani nayo kwa wosoka nsapato wa pamsika akudulireni kachikopa kapena kamphira koyala mkati kuti phazi likwere ndi kudzaza. Mwana aphunzire kumanga zingwe mpaka pa bowo lomaliza, osati kungolowetsa phazi zingwe zili zomanga kuyambira dzulo. Kuvala masokosi awiri, yopyapyala mkati, kumathandizanso, chifukwa kutererana kumachitika pakati pa masokosiwo m'malo mwa pakhungu.

Pogula, nthawi yabwino ndi masana, popeza mapazi amatupa pang'ono tsiku likamapita. Mwana ayese nsapato zonse ziwiri ataimirira, atavala sokosi ya kusukulu, ndipo kutsogolo kwa chala chachitali kutsale mpata wokwana chala chachikulu cha dzanja. Makolo ambiri amapita mu tauni ndi kachingwe kapena kamtengo koyezera kutalika kwa phazi. Kachingwe sikadziwa kufutukuka kwa phazi. Ndi bwino kumuimika mwana pa katoni, kulemba mozungulira phazi ndi bolopeni, kudula ndi kunyamula chidutswacho. Chikakana kulowa bwino m'nsapato, phazinso likavutika. Za salaula zili ndi ubwino woti zinafewa kale, koma zinafewera phazi la munthu wina. Lowetsani dzanja mkati, mupapase msoko wotukuka, nsalu yong'ambika pachidendene kapena kamsomali. Mukafika kunyumba zitsukeni ndi kuziyanika ziume bwino.

Nsapato ya sukulu igulidwe mu Disembala ngati thumba lalola. Mwana aziivala pakhomo ola limodzi, mawa maola awiri, kenako atumidwe nayo kumsika. Kumbuyo kukakhala kouma gwa, wosoka nsapato amadziwa kukufewetsa ndi hamala. Polishi imathandiza chikopa kufewa ndi kukana madzi. Za pulasitiki zonyezimira zija sizitambasuka kwenikweni: zikaluma m'sitolo zidzalumabe mu Epulo. Nsapato ikanyowa, musaiike pafupi ndi mbaula, moto umaumitsa chikopa n'kuchisiya chokakala. Ikani nyuzipepala zakale mkati usiku wonse. Ndipo sokosi youma imodzi m'chikwama cha mabuku, yosintha akafika kusukulu, imateteza kuposa mankhwala ambiri.

Thuza limachenjeza lisanabwere. Malowo amatentha ndi kufiira. Pamenepo ndi pomata pulasitala. Pa kafukufuku wofalitsidwa mu 2016, Grant Lipman wa ku yunivesite ya Stanford ndi anzake anayesa tepi wamba wa pepala, wa kuchipatala uja, pa anthu othamanga mitunda italiitali m'zipululu, ndipo anapeza kuti matuza anachepa ndi pafupifupi 40 peresenti pa malo omatidwa. Tepi ameneyu amapezeka m'mafamase pamtengo wotsika. Alonda oima usiku wonse m'majombo ndi anyamata oyenda wapansi kupita ku ntchito ku mafakitale angapindule naye chimodzimodzi.

Likatuluka, thuza laling'ono lisiyeni. Khungu lapamwambalo ndi chivundikiro chotchinga majeremusi, ndipo pansi pake khungu latsopano likumera. Likaphulika lokha, sambitsani ndi madzi oyera ndi sopo, musasende khungu lotsalalo, phimbani ndi bandeji youma. Phulusa, dothi kapena mankhwala otsukira mano asafikepo. M'nyengo ya mvula madzi a m'misewu ya m'makomboni amasakanikirana ndi zochokera m'zimbudzi, choncho bala lotseguka lisaponde m'madzi amenewo.

Mukaona mafinya, kufiira kukufalikira, mwanabere m'mphechepeche kapena thupi kutentha, pitani ku kiliniki kapena ku chipatala cha Matero tsiku lomwelo. Mu 1924, Calvin Coolidge Jr., mwana wa pulezidenti wa America, anamwalira ali ndi zaka 16 thuza la pachala litalowa majeremusi. Analitenga posewera tenisi osavala masokosi. Nthawi imeneyo kunalibe penisilini. Lero mankhwala alipo, koma amathandiza amene wafika msanga.

Amene ndimawadera nkhawa koposa ndi akuluakulu odwala shuga. Matendawa amapha mitsempha ya kumapazi pang'onopang'ono, kotero agogo angathe kuvala nsapato yatsopano ku tchalitchi kapena ku maliro tsiku lonse osamva kuti ikuwadya. Magazi sayendanso bwino, bala limachedwa kupola, ndipo zilonda zina zofikitsa munthu podulidwa mwendo zimayamba ndi kathuza kotere. Wodwala shuga avale nsapato yatsopano kwa kanthawi kochepa, aivule, ayang'ane phazi lonse mpaka pakati pa zala. Ngati maso kapena msana sizilola, mdzukulu awayang'anire madzulo aliwonse. Thuza lililonse pa phazi lawo, ngakhale losapweteka, asalibowole kunyumba. Akalionetse kwa anamwino.