Chifukwa Chake Fulashi ya 32 GB Imaonetsa Malo Ochepa pa Kompyuta

Anthu ambiri akagula fulashi, memoli khadi, foni kapena kompyuta amadabwa kupeza kuti malo osungiramo zinthu ndi ochepa poyerekeza ndi amene alembedwa pa katoni. Nkhaniyi imayambanitsa ogula ndi ogulitsa, pamene nthawi zambiri palibe amene waba kanthu. Gwero la kusiyanaku ndi kawerengedwe.

Makampani opanga zipangizozi amawerenga m'magulu a 1,000, kotero kwa iwo GB imodzi ndi ma byte 1,000,000,000. Kompyuta ya Windows imawerenga m'magulu a 1,024, ndipo GB yake imodzi ndi ma byte 1,073,741,824. Zili ngati chimanga cha thumba limodzi choyezedwa ndi ndowa ziwiri zosiyana kukula: ndowa yaikulu idzadzaza kangapo kochepa, koma chimangacho n'chomwecho. N'chifukwa chake fulashi ya 32 GB imaonetsa 29.8 GB kapena kucheperapo pang'ono, ya 64 GB imaonetsa pafupifupi 59.6 GB, pamene hard disk ya 1 TB imaonetsa 931 GB. M'chaka cha 1998 bungwe la International Electrotechnical Commission lidakhazikitsa dzina lakuti gibibyte pofuna kusiyanitsa miyeso iwiriyi, koma Windows ikulembabe GB mpaka lero.

Pa foni ndi laputopu palinso chifukwa china. Pulogalamu yoyendetsa chipangizocho, monga Android kapena Windows, imakhala itatenga kale malo ake mwini asanasungemo chithunzi n'chimodzi chomwe. RAM nayo, yomwe ndi memoli imene kompyuta imagwiritsa ntchito ikayaka, imagawidwa: gawo lina limapita ku mbali yoonetsa zithunzi pa sikirini. Windows ya 32-bit siingathe kugwiritsa ntchito RAM yopitirira 4 GB, ndipo kawirikawiri imaonetsa pakati pa 3 ndi 3.5 GB.

Chimene ogula ayenera kuchenjera nacho ndi katundu wachinyengo. Pali mafulashi ndi makhadi okonzedwa mwakuti aonetse nambala yaikulu pomwe mkati mwake muli malo ochepa kwambiri. Oterewa amalandira mafayilo ngati zonse zili bwino, koma malo enieni akadzaza, zimene zasungidwa zimaonongeka mwakachetechete. Wamalonda amene wasungamo kaundula wa ngongole za makasitomala, kapena mlembi wa kalabu ya alimi amene wasungamo mayina a mamembala, amadzazindikira tsiku limene akuzifuna. Nambala yooneka pa sikirini yokha si umboni wokwanira.

Ogula akulangizidwa kutenga lisiti nthawi zonse, ndipo asanayambe kudalira fulashi yatsopano aidzaze ndi mavidiyo kapena nyimbo mpaka itatsala pang'ono kudzaza, aichotse, aibwezeremo, kenaka atsegule mafayilo oyamba ndi omaliza. Akakana kutseguka, katunduyo abwezedwe kwa wogulitsa. Wogulitsa akakana kulandira, dandaulo likhoza kukaperekedwa ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission.